Ndege Yotsokomola Masana

Pa pulazi ya a Harry, kunja kwa Joni
20 Ogasiti 2023

Amake Karima,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino inuyo, mwana ndi amayi. Ine kuno ndili moyo, Alhamdulillah. Chifuwa chija chinatha, kungoti kuzizira kwa kuno kumang'amba milomo.

Kalatayi ndapatsira a Macdonald a basi pamodzi ndi chikwama. Muli bulangete la amayi, nsapato za Karima ndi mafuta ophikira. Ndaganiza zomalemba chifukwa foni yomwe timayankhulirana ndi ya achimwene anu, ndipo ndikamaimba ndimamva anthu akupumira kumbuyo kwanu. Nkhani zina si zapagulu.

Ntchito ndinaipeza, ya m'gadeni, kwa mzungu wina wokalamba dzina lake a Harry. Mkazi wawo anamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo ali ku Kepi. Koma mverani izi. Kuseri kwa nyumba kuli shedi yaikulu, ndipo m'katimo muli ndege. Osati yogula ayi, akupanga okha ndi manja, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndi ya mipando iwiri, kutalika kwake ngati boti la achimwene anu. Msewu wake wothamangira ndi kapinga yemwe ndimatchetcha ineyo.

Tsiku lina makina otchetchera anakana kulira. Ndinawamasula pomwepo pa kapinga n'kuwatsuka. A Harry anaima kumbuyo kwanga akuonerera. Makina atalira anandifunsa komwe ndinaphunzira. Ndinati ndakonza injini za maboti pa Chipoka zaka khumi ndi ziwiri. Anati, "Mawa maluwa uwasiye, ubwere ku shedi." Manja awo amanjenjemera, ndiye timanati ting'onoting'ono ndimamanga ndine.

Za mapepala musamafunse pa foni. Masiku a m'pasipoti anatha kalekale monga mukudziwa. A Harry akuti ndege ikadzangouluka adzandilembera kalata yoti ndikapezere chilolezo.

Denga la khitchini likonzedwe mvula isanayandikire. Bokosi langa la masipanala musabwereke munthu aliyense, ngakhale atalumbira.

Ndine mwamuna wanu,
Abdallah


Pa pulazi
15 Okutobala 2023

Amake Karima,

Salamu aleikumu. Kalata yanu ndinalandira, ndi usipa womwe. Ndamva kuti amayi miyendo yayambanso. Muwatengere ku chipatala ku boma, asamangodalira zopaka. Ine ndili bwino.

Injini yalira. Lachinayi tinaikankhira ndege panja, tinamanga mchira wake ku thirakitala, a Harry n'kulowa. Inalira mokoma moti agalu anathawira m'nyumba. Mkuluyu anagwetsa misozi, ine ndinayang'ana kumbali.

Koma pali china chandikhala pamtima. Tinazimitsa dzuwa lili paliwombo n'kupita kukamwa tiyi. Kunkatentha ngati kwathu mwezi uno. Titabwerako n'kulizanso inayamba bwino, koma atangowonjezera moto inatsokomola kawiri ngati munthu wotsamwa ndi munga, kenaka n'kupitiriza. A Harry anati ndi kachitsotso chabe. Ine ndinali nditagwada pa kachitseko ka m'mbali, maso ali pa kasefa kagalasi komwe petulo amadutsa. Munalibe chitsotso. Munali thovu.

Ndikufotokozereni, poti mumanena kuti ndimacheza ndi zitsulo kuposa anthu. Petulo amawira msanga kuposa madzi, safuna moto wambiri. Akawira m'paipi amasanduka nthunzi. Pampu imadziwa kukoka zamadzimadzi, nthunzi siigwira, imangopopa mpweya ngati mjigo wouma. Injini imafa ndi ludzu thanki ili yodzaza. Mukukumbukira lole ya ayisi ija inkafera pa depoti ya Salima nthawi yotentha, dalaivala n'kumakulunga pampu ndi chiguduli chonyowa? Matenda ake ndi omwewa. Koma lole ikafa imaima m'mbali mwa msewu. Kumwamba kulibe m'mbali.

Mu ndege iyi mathanki ali pansi, m'mapiko. Pampu ili pamwamba, pa injini penipeni, ndiye imachita kuyamwa petulo kuchokera pansi. Ina yamagetsi anaigula, koma anaiika pomwepo potenthapo. Paipi yadutsa pafupi ndi ekizozi, mpata wake zala ziwiri. Petuloyo ndi wa magalimoto, migolo iwiri yomwe anagula nthawi yozizira chifukwa wa ndege ndi wodula.

Ndinawauza mwaulemu. Ndinati tisunthe paipi, tiikulunge ndi nsalu yosapsa, pampu yamagetsi tiitsitsire pansi pafupi ndi mathanki kuti izikankha m'malo moyamwa, ndipo tiwonjezere paipi ina yobweza petulo wotentha ku thanki. Anaseka n'kundigwira paphewa. "Abdallah, pulani iyi anajambula ndi mainjiniya. Ili si boti."

Zoona si boti. Koma injini ya pa pulaniyo ndi ina, yomwe anaika iwo ndi ina, ndipo paipi anaikhotetsa okha kuti ikwane.

Muwauze achimwene anu asamasiye thanki ya boti padzuwa, aziifundika. Karima asajombe ku madarasa.

Wanu,
Abdallah


Pa pulazi
12 Novembala 2023

Amake Karima,

Salamu aleikumu. Moni kwa onse. Thupi lili bwino, tulo ndi tomwe tachepa.

Yauluka. Ndilembe chilungamo, yauluka bwino kwambiri. Anaiulutsa m'mamawa mame adakali pa kapinga, anazungulira katatu, n'kutera ngati kakowa pa mchenga. Ndinaomba m'manja ndi mtima wonse. Manati omwe anamunyamula munthuyo kumwamba ndinamanga ndine.

Isanauluke kunabwera munthu woiyendera, amene amasaina kuti ndege zopanga pakhomo zili bwino. Ndi mmwenye, a Kamal. A Harry anandiuza kuti ndikakhale kumapeto kwa munda mpaka mlendo atapita, poti munthu wopanda mapepala asaoneke akugwira ndege. A Kamal anafika 7 koloko m'mawa, kuli kamphepo. Injini inalira osaphonya. Potuluka anandipeza pa geti, anaona kofia yanga n'kundipatsa salamu. Anandiuza mzikiti womwe amakaswaliko, m'tauni yapafupi ndi kuno. Ndinatsala pang'ono kuyankhula, koma a Harry anali pakhonde akutiyang'ana.

Tsiku louluka anzawo a mapulazi oyandikana anabwera kudzawotcha nyama. Ine ndinkasonkha makala. A Harry anawafotokozera za wam'gadeni wawo ndi thovu lake, ndipo anaseka onse. Wina anandifunsa ngati kwathu mabwato amauluka. Ndinaseka nawo, ndikanatani?

M'mawa mwake ndinayesanso. Ndinati, "Bwana, mumauluka kukuzizira. Tayesani masana, injini itatentha, muzimitse kanthawi kenaka mulizenso. Tiyesere pansi pompano, itamangidwa." Nkhope yawo inafiira mpaka m'makutu. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse kiyi wa shedi. "Kuyambira lero ntchito yako ndi kapinga." Za kalata ya chilolezo ija sanazitchulenso, ine sindinafunse.

Tsopano amauluka m'mawa uliwonse kuti akwanitse maola omwe amafunika asanayambe kunyamula munthu wina. Ndimatchetcha khutu lili kumwamba. Mwina ndine wolakwa, amake Karima. Ndikupempha Allah kuti ndikhale wolakwa.

Mbewu ya mpunga mugule ya Kilombero. Mwanena kuti nyanja yayamba kudya kumunsi kwa dimba. Msasa wa ukonde muusunthire kumtunda msanga, musadikire ine.

Abdallah


Pa pulazi
10 Disembala 2023

Amake Karima,

Salamu aleikumu. Ndasangalala kumva kuti amayi ayamba kuyenda mpaka kumsika. Ine ndilipo.

Maola aja akwana. Mwana wa a Harry, dzina lake Hope, akubwera pa 20 kudzadya Khirisimasi. Zonsezi ndamva kwa a Sungeni, mayi wa ku Dedza amene amaphika kuno. Ndi mayi wamkulu wa zidzukulu, musayambe kuganiza zina. Akuti Hope ndi woyembekezera, miyezi isanu. Bambo ake amulonjeza kuti pa tsiku la Khirisimasi, akatha kudya chamasana, akamuonetsa ali kumwamba damu lomwe ankakonda kupitako ndi malemu mayi ake. Akuti adzayamba auluka okha kuti aone mphepo, adzatera, adzazimitsa, mwana adzakwera, kenaka adzanyamukanso.

Masana. Injini yotentha. Kuzimitsa n'kulizanso. Akanati andifunse njira yabwino yoiphera injini imeneyi, ndikanawauza yomweyi.

Ndayenda mozungulira shedi ija kangapo. Zenera la kumbuyo silitsekeka bwino, ndipo paipi ndikhoza kuisuntha pa ola limodzi. Koma ndikaigwira mobisa, chilichonse chodzachitika chidzakhala pamutu panga, ndiponso paipi yokha siyokwanira. Ndayesa kulemba kakalata n'kusiya pa tebulo lawo. A Sungeni anakapeza m'bini.

Kwatsala njira imodzi, ndipo ikudutsa pa mzikiti wa a Kamal uja. Ndikaitenga ndiye kuti ndamuneneza munthu amene amandidyetsa, ndiponso ndadziulula kuti ndakhala ndikugwira ndege ndilibe pepala lililonse. Mukanakhala pafupi mukanandiuza chochita. Kapena mukanati ndikhale chete, tili ndi mwana. Ndaganiza zimenezonso. Koma ndikadzaona mtsikana uja akukwera, kodi ndidzapitiriza kutchetcha?

Zogula njerwa za nyumba zija muyambe mwaimitsa kaye. A Macdonald akadzafika opanda chikwama musadzadabwe, ndipo amayi musawauze kanthu. Mundipempherere kwa Allah Lachisanu likubwerali.

Mwamuna wanu,
Abdallah


Kuseri kwa mzikiti
17 Disembala 2023

Amake Karima,

Salamu aleikumu. Ndili bwino, musadere nkhawa ndi keyala yatsopanoyi.

Ndinapita. Titatha swala ya Lachisanu ndinawadikira a Kamal pomwe timavulira nsapato. Ndinawajambulira zonse kuseri kwa envulopu. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti petuloyo anagulidwa liti. Nditati mu Julayi anagwira chibwano. Akuti petulo wa nthawi yozizira amamupanga wowira msanga, ndipo poti Joni ali pamtunda kwambiri, kuno amawira msanga kuposa kunyanja. Anati, "Ine ndinaiona m'mawa. Ndinayenera kubweranso masana." Anawaimbira a Harry ndili pomwepo.

Loweruka ndinapeza chikwama changa pa geti. A Harry sanakalipe. Anangoti, "Ndinakutenga ngati mwana wanga." Ndinati, "N'chifukwa chake, bwana." Anatseka geti.

A Kamal akuti sangailetse ndege popanda umboni, koma a Harry awalonjeza kuti aiyesa. A Sungeni akuti anaiyesadi, dzuwa litapendeka, mvula itangokata. Inalira bwino.

Ashehe a kuno andipatsa kachipinda kosungiramo mikeka. Ndimasesa bwalo. Ntchito ina ndipeza, Inshallah. Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mpunga wotsala uja musagulitse, mudye.

Abdallah


Kuseri kwa mzikiti
28 Disembala 2023

Nafisa mkazi wanga,

Salamu aleikumu. Werengani muli nokha.

Yagwa. A Harry ali moyo koma sanatsitsimuke. Hope sanakwere.

Ndikuuzani monga anandiuzira a Sungeni pa foni. Hope atafika anafunsa chifukwa chake kapinga watalika, ndipo a Sungeni anamuuza zonse osabisa. Pa tebulo la Khirisimasi mtsikanayo anati, "Adadi, sindikwera mpaka muyese monga ananenera munthu uja, pansi, masana ano." Anakangana. A Harry anati sangamange ndege yawo ku thirakitala ngati mbuzi chifukwa cha mawu a wam'gadeni. Anati amuonetsa kumwamba komweko.

Anauluka okha kamodzi, anatera, anazimitsa. Anakhala pansi pa phiko mphindi makumi awiri akumudikira kuti asinthe maganizo. Hope anangoima pakhonde. Ndiye a Harry analowa n'kuliza. Inathamanga bwino, inanyamuka, inadutsa mitengo ya bulugamu ya kumapeto. Itangokweza mphuno inatsokomola kawiri n'kukhala chete. A Sungeni akuti kunamveka mbalame zokha. Inatsikira m'munda wa chimanga wa oyandikana nawo, tayala lakutsogolo linazama, inagudubuzika n'kugona chagada. A Harry miyendo yonse iwiri yathyoka, ndipo anamenyetsa mutu.

Tsopano vuto ndi ili. Anthu ofufuza ngozi anabwera. M'thanki muli petulo wambiri, mulibe madzi, mulibe chitsotso, paipi sinatsekeke. Nthunzi ikazizira imabwerera kukhala petulo, sisiya phazi. Ndiye akuti injini yabwinobwino siingangozima yokha. Mzungu wa munda wa chimangayo, yemwe uja ankafunsa za mabwato ouluka, wauza apolisi kuti pali Mmalawi amene anachotsedwa ntchito sabata yathayo, wodziwa injini, ndipo zenera la shedi silitsekeka. Akundifunafuna.

Anzathu ena kuno akuti ndikwere lole lero lomwe, pofika Loweruka ndikhala nditawoloka Mwanza. Ndinalongedza. Kenaka ndinamasula. Ndikathawa ndiye kuti ndavomera kuti ndinafuna kupha munthu, ndipo dzina limenelo lidzanditsata mpaka pa Chipoka. Karima adzakula nalo. Komanso a Kamal akuti ku dera lino kuli ena atatu akupanga ndege zotere m'mashedi mwawo.

Mawa m'mawa a Kamal andiperekeza ku polisi. Envulopu ija anaisunga, ndipo foni yawo ikuonetsa tsiku lomwe anawaimbira a Harry. Akuti zimenezi zithandiza. Za mapepala akuti sangalonjeze.

Mukapanda kumva za ine, nambala ya a Kamal ndalemba kuseri kwa tsambali. Amayi muwauze kuti ndasamukira ku pulazi yopanda netiweki.

Abdallah


Kuseri kwa mzikiti
21 Januwale 2024

Amake Karima,

Salamu aleikumu. Ndili kunja, Alhamdulillah. A Kamal andiuza kuti munaimba kasanu ndi kawiri. Pepani chifukwa cha masiku amenewa. Moni kwa amayi ndi mwana.

Ananditsekera masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Za m'katimo ndidzakuuzani pamaso, kapena sindidzakuuzani.

Amene ananditulutsa ndi dzuwa. A Kamal anawaumiriza ofufuza aja kuti ayese injini monga ndinanenera. Mbali yakutsogolo ya ndege sinawonongeke kwambiri, ndiye anaimangirira pa chitsulo, anaika pulopela ina, n'kuthira petulo wa m'migolo yomwe ija. Atayesa m'mawa inalira bwino, ndipo wamkulu wawo anayamba kulongedza. A Kamal anati adikire 1 koloko. Hope anabweretsa mipando, anakhala nawo padzuwa ndi mimba yakeyo. Nthawi itakwana anaitenthetsa, anazimitsa mphindi makumi awiri, analizanso n'kuipatsa moto wonse. Sinathe mphindi ziwiri. Anabwereza mawa lake, inafanso chimodzimodzi. Akuti kasefa kaja kanachita kuyera ndi thovu.

Sabata yomweyo a Harry anatsitsimuka. Wapolisi atawafunsa ngati akundiganizira, akuti anayankha kuti, "Munthu ameneyo sanagwire kanthu. Anandiuza katatu."

Mlandu unatha, koma apolisi pasipoti yanga anaiona. Andipatsa masiku khumi ndi anayi kuti ndituluke m'dziko, ndipo sindiloledwa kubwereranso kwa zaka zingapo.

Lachitatu Hope anabwera kudzanditenga kuti bambo ake akundifuna kuchipatala. Tinapita pa galimoto yake. Pa maloboti ena anatenga dzanja langa n'kuligwira ndi manja ake onse awiri mpaka a kumbuyo anayamba kuimba mahutala.

A Harry achepa, atsala theka. Miyendo ili m'zitsulo. Anandiyang'ana nkhope nthawi yaitali n'kufunsa kuti wandichita zimenezi ndani. Ndinati zinapita. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere. Anakankhira kwa ine pepala la chakudya cha m'chipatala ndi bolopeni. "Ndionetse," anatero. Ndinajambula mathanki, pampu pansi, paipi kutali ndi ekizozi, ina yobwerera. Anatsata ndi chala chawo mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ndikatuluka tikayambirenso. Kiyi ukatenge kwa Sungeni." Ndinawaonetsa pepala langa la masiku khumi ndi anayi. Anawerenga kawiri, n'kutembenukira kukhoma. Ndinakhala nawo mpaka nesi anabwera kudzatitulutsa.

Chojambulacho a Kamal anachijambula pa foni n'kutumizira atatu aja. Mmodzi wayamba kale kumasula mapaipi.

Ndinyamuka Lachinayi ndi basi ya a Macdonald. Kalatayi yatsogola ndi mnzawo wa basi ya mawa. Ku Lilongwe ndikakwera minibasi, ndipo ndiyenera kufika pa depoti ya Salima Loweruka chakumasana. Chikwama ndi chimodzi chomwe ndinapita nacho.

Pempho langa ndi limodzi. Karima musabwere naye ku depoti, ngakhale alire. Amayinso ayi. Mano awiri akutsogolo kulibe, ndipo diso lakumanzere silinatseguke bwino. Bwerani nokha, mundione kaye inuyo, kenaka tikagwirizane zokamuuza mwana tili m'njira.

Ndine mwamuna wanu,
Abdallah